Lilime la Pemphero

Emelda anali atagwada pamkeka, supuni ili m'manja, phunziro la masana lili mkati.

"Pemphero, ichi n'chiyani? Supuni! Nena supuni. Ukufuna phala? Eya, ukufuna. Nena kuti ndikufuna phala. Wamva njala mwana wanga, ine ndikudziwa."

Pemphero anatsegula pakamwa, phala n'kulowa.

Mwanayu anali atakwanitsa zaka zitatu, koma chuma chake chonse chinali "mama", "madzi" ndi "ayi". Anzake pa laini ya nyumba za aphunzitsi anali atayamba kale miseche m'zilankhulo ziwiri. Emelda zinkamuwawa. Iye, mphunzitsi wa Chichewa wochokera ku Mulanje, mtsogoleri wa kwaya, mayi amene ogulitsa nyemba pamsika wa Chitipa ankamutsitsira mtengo kuti angochoka, n'kubereka mwana wosalankhula!

Iye ndi mwamuna wake Wallace anapitapo naye kuchipatala. Makutu anapezeka kuti ali bwino. Namwino analangiza zinthu ziwiri. Choyamba, azilankhula naye kwambiri. Chachiwiri Emelda sanachimve, poti nthawiyo anali kalikiliki kufotokozera namwinoyo kumene vutoli linachokera.

Linachokera kuchimuna, n'zosachita kufunsa. Wallace, wogwira ntchito zankhalango, ankatha tsiku lonse ndi mawu osadzaza supuni. Mwina anazolowera mitengo ya ku Mughese, imene siyankha munthu.

"Amake Pemphero," anayamba Wallace ataima pakhomo, "mwanayu..."

"Mwanayu watengera inu, ndikudziwa kale! Mawa tikupita ku Chisenga. Kuli mayi wina amadula kamtsempha ka pansi pa lilime ndi lezala. Wa kabaza ndamuuza kale."

"Komatu..."

"Komatu chiyani? Afike pomera ndevu akuloza zinthu ndi chala?"

Wallace anatseka pakamwa. Pa ntchito imeneyi anali katswiri.

Kunena zoona, Emelda ankachita mantha ndi lezala. Sankafuna n'komwe kuganiza za magazi m'kamwa mwa mwana wake. Koma ankaopa koposa kuti mwanayo adzakula anzake akumutcha bubu. Madzulo amenewo anamusiya ndi bambo ake monga mwa masiku onse, n'kupita ku kwaya. Anaimba panja mumphepo ya mu Juni, ndipo pobwerera anafotokozera aliyense wokumana naye za ulendo wa mawa, ngakhale amene sanafunse.

Kutacha, mawu a Emelda anali atathawa. Anayesa kuitana, koma kukhosi kunangotuluka mpweya. Panja wa kabaza anali atafika kale.

"Amama, tiyeni tilute!" anakuwa, akuliza hutala.

Emelda anakhazika Pemphero pamkeka kuti adye msangamsanga. Ananyamula kapu ya tiyi dzanja ili, nthochi dzanja linalo, natsegula pakamwa kuti afunse n'kudziyankha yekha. Zii. Kwa nthawi yoyamba chisamukire ku Chitipa, m'nyumbamo munamveka kulira kwa nkhuku ya aneba.

Pemphero anayang'ana mayi ake. Anadikira kaye, ngati munthu wodziwa kuti mvula ikakata pang'ono imayambiranso. Siinayambirenso.

"Ine tiyi sindifuna," anatero. "Ndikufuna nthochi. Tiyi amwe adadi."

Kapu inagwa pansi. Emelda anakumbatira mwana wake misozi ili chuchuchu, dzanja likuloza kumwamba. Chozizwitsa! Anakodola Wallace kuti naye agwade, athokoze.

Wallace anapitiriza kumanga zingwe za nsapato mwachifatse.

"Timacheza chonchi tsiku lililonse mukapita ku kwaya," anatero. "Namwino uja anati mukamufunsa muzidikira ayankhe. Ndakhala ndikuyesa kukuuzani kuyambira pa Isitala."