Ndemanga ya a Mtambalika

Chichokereni makope m'sukulu, ana a kwa Kabwazi ankalemba zimangirizo zawo pa bulogu ya pa intaneti. M'mawa uliwonse kawailesi kopachika m'nyumba iliyonse kankawerenga nkhani ya mwana mmodzi pamodzi ndi ndemanga ya mphunzitsi, ndipo kukathimitsa kunali koletsedwa.

A Mtambalika, mphunzitsi wa Chichewa, anali ndi ana makumi asanu ndi atatu. Anazolowera kungodina ndemanga imodzimodzi osawerenga.

Lachitatu akumwa tiyi, kawailesi kanawerenga zimene Esinala wa Fomu 2 analemba Lachisanu lapitalo. Anati amayi ake atha masiku anayi osadya, ndipo ankapempha aliyense wokhala ndi njinga kuti awathandize kupita nawo kuchipatala. Kenaka makinawo anati, "Ndemanga ya aphunzitsi: walemba bwino, pitiriza."

Mayiwo anali atamwalira dzulo lake.

Nasibeko, mkazi wa a Mtambalika, anayang'ana njinga imene inatsamira khoma pakhonde.

"Bambo a Yohane, munawerenga?"

"Ana ndi ambiri, mayi."

"Sindinafunse kuchuluka kwawo." Anawapatsira jekete. "Kumaliro tipitira limodzi. Manyazi anu sindikasenza ndekha."

Atafika pasiwa, azibambo anawasendera pabenchi osawayang'ana. Nthawi ya chakudya itakwana, Esinala anabwera ndi beseni, nagwada kuti awasambitse m'manja. A Mtambalika anafuna kunena pepa, koma Esinala ndiye anayamba kulankhula.

"Aphunzitsi," anatero mtsikanayo motsitsa mawu, madzi akuthirabe, "ya sabata ino sindinalembe. Chonde musandidule malikisi."