Tomato wa Bulu pa Mlatho

Padangotero, nyama za tsidya lino ndi za tsidya lija zidapangana kuti malonda azidutsa pamlatho popanda woletsa mnzake. Bulu adasenza tomato wa m'dimba mwake, nauyamba ulendo mtima uli m'malo.

Pamlatho adapeza Kamba atafumbata chidindo.

"Dikirani kaye, achimwene, tione bwino mapepala anu," adatero Kamba.

Bulu adaima padzuwa masiku anayi. Tsiku lililonse Njovu ankawoloka kuchokera tsidya lija ndi madengu makumi awiri, osaima n'komwe, Kamba atabweza mutu m'chigoba.

"Nanga aja simuwafunsa bwanji?" Bulu adadandaula.

"Lamulo ndi limodzi kwa tonse," adayankha Kamba. "Kungoti ine ndimaimitsa amene ndingathe kumuimitsa."

Pomwe chidindo chinkagwa, tomato anali akuchucha pamsana, ntchentche zikumulondola. Bulu adamukhuthulira mumtsinje, nabwerera kwawo. Adapeza mkazi wake akudula tomato wonenepa wa Njovu, wogula pamsika wa m'mudzi momwemo.

"Ngotchipa, abambo," adatero mkaziyo, maso ali pansi.

Chaka chotsatira Bulu sadalimenso. Adakapempha ganyu yosenza madengu a Njovu, ndipo nthano yake idathera pamenepo.