Chitenje ndi Shuga ku Romford

"Ukudikira chiyani? Mnzako waferedwa, nyamuka," anatero mayi ake a Khumbo, akumupatsira chitenje ndi paketi ya shuga.

Khumbo anasintha mabasi kuchoka kwawo ku Edmonton mpaka kukafika ku Romford, kumene kunali malirowo. Pakoleji yaing'ono imene ankaphunzira kudziko la azunguko, wakhungu lakuda m'kalasi mwake anali iye yekha. Chaka chonse, munthu amene anamukolekapo mkono m'khosi anali Harriet basi, tsiku limene ankajambulidwa pakapinga kuti akhale pachikuto cha kabuku kotsatsira sukuluyo. Chithunzicho Khumbo anachimata kumutu kwa bedi lake. Tsopano bambo ake a Harriet anali atamwalira.

Atafika pageti anamanga chitenje pamwamba pa jinzi. Sikunkamveka nyimbo, panja panalibe ndi munthu mmodzi yemwe. Anagogoda.

Anatsegula ndi mayi ake a Harriet. Anayang'ana chitenje, kenako shuga.

"Ndabwera kudzakhala nanu pamaliro," anatero Khumbo m'Chingerezi, atapinda mawondo pang'ono. "Ndine mnzake wa Harriet."

"Zikomo, koma mwambowu ndi wa achibale ndi anzathu apamtima okha." Mayiwo anamuyang'anitsitsa, nkhope yawo n'kuwala. "Dikira, ndakuzindikira! Si iwe wa pakabuku ka koleji?"

Anatembenukira m'nyumba. "Harriet! Kwabwera mtsikana wa pachithunzi uja. Paja dzina lake ndani?"

Harriet anasuzumira ali pamasitepe, maso ali psu. Anamuyang'ana Khumbo kwa nthawi, akuluma mlomo.

"Sindikudziwa, amayi," anayankha chapansipansi. "Sindinamufunsepo."