Ulendo Wachinsinsi wa Idil

"Musauze aliyense kuti ndikubwera, azakhali," anatero Idil pafoni, ali ku Oslo. "Chenjezo la boma la kuno likuti wopita ku Mogadishu asadziwike, apewe chigulu cha anthu, ndipo azisinthasintha njira."

"Iwe, ukundiyesa wailesi ine?" anayankha azakhali ake, a Ruun.

"Ndili ndi masiku awiri okha. Ndikungofuna kukaponda mchenga wa kunyanja, ku Lido kuja ankasambira malemu bambo. Basi."

"Usadandaule. Pakamwa panga ndasoka."

Atangotuluka pachipata cha bwalo la ndege, Idil anapeza mabajaji khumi ndi awiri, timagalimoto tamatayala atatu tija, ali ndondondo, amayi akuimba nthungululu, ndi chinsalu cholembedwa dzina lake m'zilembo zofiira.

"Azakhali! Chinsinsi chija ndi chimenechi?"

"Palibe wakunja ndamuuza, mwanawe. Awa ndi akumtundu okhaokha. Enawo asowa chokwera."

Amalume ake anali atapha kale mbuzi. Msuweni anali ataphika mpunga wodyera nthochi. Kudya kwa uyu osadya kwa uyo kukanadanitsa abale zaka khumi, choncho m'masiku awiriwo Idil analowa nyumba zisanu ndi zinayi, mimba ili tswii.

"Waona? Njira tikusinthasinthatu," anatero azakhali akumukankhira m'bajaji ina. "Ukaliuze boma lakolo kuti timamvera."

Nyanja anaiona ndithu, yobiriwira bwino, mchenga uli mbuu. Anaionera pawindo la ndege pobwerera, atakumbatira chitini cha nyama youma.