Mutu Wometa Theka

Ndinali nditameta theka la mutu wa bambo anga pamene anandifunsa.

"Mlamu wako akuti unavotera mayi uja wathera pa nambala yachitatu. N'zoona?"

Makina ankalira m'dzanja langa. Makasitomala atatu amene anali pabenchi anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

"N'zoona, bambo."

"Chipani chosadzaza ndi minibasi yomwe! Munthu wathu wagwa ndi mavoti makumi anayi okha, iwe n'kukataya voti kudzala?"

"Sindinataye. Mayiwo ndi okhawo amene analowa muno n'kufunsa mmene timagwirira ntchito magetsi akazima. Munthu wanu uja anangotumiza malaya a nkhope yake."

Bambo anadzuka, nsalu yometera idakali m'khosi. Chitsegulireni malo ano, palibe wometa wina amene anagwirapo mutu wawo.

"Pakhomo panga usadzapondepo. Amayi ako ndikawauza ndekha."

Atafika pachitseko anadziona pagalasi laling'ono lili pamenepo. Kumanja mpala, kumanzere imvi zili njo. Kunja msewu unali wodzaza anthu, ndipo wometa wina ali kutsidya kwa msika.

Ndinakung'untha mpando ndi thaulo.

"Bwerani ndimalize, bambo. Mawa mukhoza kundikana, koma lero simutuluka muno ngati nkhuku yososola theka."

Anaima kanthawi. Kenako anabwerera, n'kukhala pansi osandiyang'ana.

"Usandicheke," anatero.

"Sindinakuchekenipo. Ndipo chisankho chikubwerachi ndidzavoteranso omwewo." Ndinayatsa makina. "Weramitsani mutu."