Bilimankhwe ndi Ndalama za Kangaude

Padangokhala, m'nkhalango ina, Kangaude anayamba kugulitsa ndalama zosagwirika, zongokhala pa ukonde wake. Bilimankhwe ndi mlamu wake Chule anagulako, aliyense ndi lichero la ziwala zouma.

Mtengo wa ndalamazo sunkakhazikika. Ukakwera, Bilimankhwe ankabiriwira n'kugula zina. Ukatsika pang'ono, ankada bii n'kugulitsa. Nyama zina zinasiya kufunsa mtengo, zinkangoyang'ana khungu lake. Akada, zonse zinkathamangira kukagulitsa, mtengo n'kugweratu, iyenso n'kuderatu.

"Alamu, mtengowu mukuugwetsa ndinu ndi khungu lanulo," anatero Chule. "Tiyeni tidikire mvula, tidzaone bwino."

"Mvula ili kutali, alamu," anayankha Bilimankhwe. "Ine ndikuona za lero."

Chule anakumba pansi, nagona chilimwe chonse. Bilimankhwe anapitiriza kugula zitakwera ndi kugulitsa zitatsika, mpaka ziwala za m'nkhokwe mwake zinatha psiti.

Mvula itagwa, Chule anatuluka, napeza mtengo uli pomwe anausiya. Sanalemere, komanso sanasauke. Koma anapeza mlamu wake Bilimankhwe ali kwakwata pa nthambi, nthiti zili pamtunda, ana akulira njala.

Chule sanamuseke. Anatola ngumbi zoyamba, nadzaza mbale.

"Idyani ndi anawa, alamu. Zamalondazi tikambirana mukakhuta."

Kuyambira pamenepo, Bilimankhwe amati akakweza phazi, amalibweza kaye n'kuganiza asanaliponde. Ulendo umachedwa ndithu, koma akamayenda awiriwa, Chule amadumpha kamodzi n'kukhala pansi, kumudikira.