Mayi wa mkwatibwi amene anakana njinga

Iyi ndi yoona, ndaimva kwa munthu amene analipo. Panali mayi wina, telala, amene anzake ankamutcha Injini chifukwa mashini ake sankazizira. Chaka china anadwala chimfine choopsa. Chimfine chinatha koma mphamvu sizinabwerere. Kungosamba kokha, ankakhala ngati walima tsiku lonse. Anamuyeza magazi kangapo, osapezamo kanthu. Pomaliza dokotala wina anamuuza kuti ndi matenda otopa kosalekeza.

"Mayi, ofufuza sanagwirizanebe za gwero lake," anatero dokotalayo. "Koma ichi chokha mumvetse. Mukalikakamiza thupi lero, lidzakulangani mawa kapena mkuja. Muzileka ntchito musanatope."

Injini anamvera. Mashini anawavundikira, nkumangoyenda kuchoka kuchipinda kufika pabalaza. Nyumba yawo inali yosanja, iwo ali pamwamba, ndiye msewu ankangouonera pawindo. Moyo unamuchepera ngati diresi lachibwana.

Kenako mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, anapeza banja. Dokotala anati Injini ku ukwati apite ndithu, koma pa njinga ya odwala, ndipo milungu yotsalayo apume.

Mlamu wake, mchemwali wa mwamuna wake, atamva anaomba m'manja. "Njinga? Mayi wa mkwatibwi? Akuchimuna akati atenga mwana kubanja lotani? Inu alamu, nkhope yosalala chonchi mukuti mukudwala? Matenda osaoneka m'magazi kwathu timati ulesi."

Mawu amenewo anamulasa Injini, poti palibe dzina limene ankadana nalo ngati la mlesi.

Mlamuyo anabweretsa bambo wina wophunzitsa masewera olimbitsa thupi, wachifuwa ngati kabati. Za matendawa anali asanamvepo, koma kuyankhula kwake ngati ndiye anawalenga. "Mami, zonsezi zili m'mutu. Masitepe awa ndiye mankhwala anu. Lero pang'ono, mawa tionjezere. Pa ukwati mukavina mpaka nsapato kuthyoka."

Mwana wa Injini uja anachonderera mayi ake. "Amayi, ine sindikufuna kuvina kwanu. Ndikufuna ndikacheuka ndikuoneni."

"Usandichititse manyazi iwe," anayankha Injini.

Tsiku loyamba anatsika nkukweranso, mtima uli dididi. Lachiwiri anafika mpaka pageti, aneba nkumuimbira nthungululu. Mlamu uja anaimbira foni abale onse kuti Injini yalira. Lachitatu miyendo inkanjenjemera, koma bambo uja anati ululu ndi umboni woti zikugwira, ndiye Injini analimba mtima.

M'mawa mwake sanadzuke. Mkono unakana kunyamula kapu. Kuwala kwa pawindo kunkamubaya m'maso, mwamuna wake mpaka anakhomerapo bulangete. Ngakhale kulira kwa supuni m'mbale kunkamupweteka. Bambo wa masitepe foni yake inasiya kupezeka. Dokotala atabwera anangopukusa mutu, nati pano ngakhale njinga ija sangaikwanitse.

Tsiku la ukwati linamupeza ali gone mumdima, akumva abale akutsika masitepe mmodzimmodzi. Kenako chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Anali mkwatibwi, atavala kale.

"Amayi, ndiyatse getsi mundione?" ananong'ona.

Injini ankafunitsitsa, Mulungu ndi mboni. Koma ankadziwa chimene getsilo likanamuchita.

"Usayatse mwanangu. Sendera kuno."

Mwanayo anagwada pambali pa bedi, nkutenga dzanja la mayi ake kuliyendetsa pa diresi, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Telala amene anaveka ana a eni ake osawerengeka, wake anamuonera m'zala. Panja galimoto inaliza hutala, mkwatibwi anadzuka akulira, nkutseka chitseko mosapanga phokoso.

Mpaka lero mayiyo sanatsikenso masitepe.

Phunziro: Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kamphamvu kochepa kamene uli nako usakataye pofuna kutseka pakamwa pa anthu. Ndipo inu athanzi, matenda akapanda kuoneka sindiye kuti palibe. Tumizirani ena uthengawu, makamaka aja amafulumira kunena mnzawo kuti ndi waulesi.